Masiku Makumi Atatu a Mainess

Anafika Lachiwiri masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha malata a nyumba za ku Kapata, m'tauni ya Chipata, mpaka kumathetheka. Wanjinga anawatsitsa pageti pathu. Anali mayi wochepa thupi, wovala chitenje chofwifwa ndi nsapato za pulasitiki, kathumba ka mtedza pamutu, chikwama chong'ambika zipi m'manja. Wanjinga atapita, iwo sanagogode ndipo sananene odi. Anangoima.

Mwamuna wanga Wilbroad ankatsuka njinga yake yamoto pabwalo, atavala kabudula ndi vesiti. Anawapatsa moni kawiri. Mlendoyo atamuona bwino anatembenuka msanga, n'kugwada chammbali nkhope italoza kumpanda. Anayankha motsitsa kwambiri, ngati akulankhula ndi nthaka.

"Leti, tabwera," Wilbroad anaitana. "Pali alendo pano, koma sakamba kuti ni ndani."

Ndinatuluka nditanyamula Enoch, mwana wathu wa miyezi inayi. Mlendoyo ndinamuzindikira ndisanaone nkhope, pongoona mmene khosi linapendekera pansi pa katunduyo.

"Ndi antchito aja ndinakuuzani, ochokera ku Mchinji," ndinatero.

"Dzina lawo?"

Zonse ndinali nditakonza, koma dzina ndinaiwala. Maso anga anathawira kutsidya kwa msewu, pa chikwangwani cha saluni cholembedwa ndi penti wofiira.

"Mainess," ndinawerenga.

"Mwalandiridwa, a Mainess," anatero Wilbroad, n'kubwerera ku njinga yake.

Anali amayi anga ondibereka.

Bambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi aang'ono, a Lena, amene anakwatiwa ku Chipata, anandiolotsa paboda la Mwami kuti ndidzaphunzire kuno. Kusukulu anzanga ankandiseka chifukwa ndinkati mbatata pomwe iwo amati kandolo. Tsiku lina anandizungulira n'kumafunsa chifukwa chimene amayi anga ananditayira kudziko la eni. Ndinati anafa. Kuseka kunatha pomwepo, ndipo mtsikana wina anandigawira chitumbuwa. Bodzalo linandikwana ngati diresi losokedwa ndi telala wodziwa, ndipo ndinakula nalo.

Wilbroad ndinamuuza bodza lomwelo tili pamwamba pa phiri la Kanjala, tauni yonse ili pansi pathu, utsi wa ootcha njerwa ukukwera mowongoka. Ndinafotokoza mokoma, ndinaikamo ndi mvula ya tsiku la maliro. Iye anandigwira dzanja kwa nthawi yoyamba. Nanga dzanja limenelo ndikanalibweza bwanji? Paukwati a Lena anakhala pampando wa amayi. Anangondinong'oneza kuti, "Katundu ameneyu udzasenza wekha," ndipo chaka chotsatira anasamukira ku Kabwe.

Kumudzi ndinapitako kawiri kokha, mozemba, nditanama kuti ndikukagula zitenje. Amayi anali atakwatiwanso, n'kutengedwa kupita kumudzi kwa mwamunayo. Chaka chino iyenso anamwalira, abale ake n'kutenga munda ndi nyumba. Uthenga unandipeza kuti amayi akugona m'khitchini mwa mnansi. Ndinawaimbira pa foni ya mnansiyo. Ndinati abwere adzakhale nafe, koma ayambe alowa ngati antchito olera mwana, kwa masiku ochepa chabe, mpaka ndipeze mpata wowauza atate ake Enoch.

"Chabwino," anatero. "Bola ndimuone mdzukulu."

Anali ndi pasipoti ya masiku amene ankagulitsa mtedza paboda. Pa Mwami anawadindira masiku makumi atatu. Ndinaganiza kuti masiku makumi atatu ndi ambiri.

Ntchito ankaigwira kuposa mmene ndinkafunira. Ndikamachoka m'mawa kupita ku famase kumene ndimagulitsa mankhwala, bwalo linkakhala litasesedwa kale, matewera ali pachingwe. Kuseri kwa nyumba, pakati pa khoma ndi mpanda, analima kabedi ka ndiwo zamasamba, chibwabwa ndi repu. Enoch anasiya kulira. Pamaso pa Wilbroad ndinkawaitana kuti Mainess.

Tsiku lachitatu tinatsala awiri m'khitchini. Ndinatseka chitseko.

"Amayi," ndinanong'ona.

"Madamu, sopo watsala pang'ono."

"Palibe munthu, amayi. Apita kuntchito."

"Lilime ndi loterera, madamu. Likazolowera mseri lidzakugwetsani pagulu." Anapitiriza kutsuka mbale. Sanandiyang'ane.

Chimodzi chokha chinawakanika. Ndinawapempha kuti akhale ngati wantchito aliyense, koma thupi lawo linkadziwa kuti Wilbroad ndi mkamwini. Kwathu mpongozi ndi mkamwini amapewana. Sapatsana chinthu m'manja, sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Amayi sankalowa kuchipinda kwathu ngakhale kukasesa. Zovala za Wilbroad ankazisiya mubeseni kuti ndidzachape ndekha. Iye akawapatsa kapu, ankadikira mpaka aiike patebulo. Akalowa pabalaza, iwo ankatulukira khomo lakumbuyo.

Poyamba Wilbroad ankaseka. Iye anakulira m'tauni, ndipo apongozi sanakhalepo nawo.

"Leti, a Mainess ako aniopa monga ndine wa imigireshoni. Kapena anabwera na fodya mu chikwama?"

"Ndi manyazi a kumudzi chabe."

"Manyazi a bwanji ofika pothawa kapu? A Mainess, nibweretseleniko madzi akumwa."

Madzi ankabwera. Ankaikidwa pansi pafupi ndi chitseko, ndipo woikayo ankazimiririka. Ine ndinkakhala pasofa, mwamuna wanga atatambasula miyendo mu kabudula, akutuma amayi anga ndi kuwatchula dzina. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Ndinkakonza mawu m'njira yochokera kuntchito, abwino, otsatana bwino, koma ndikafika pageti n'kuona Wilbroad akundimwetulira, ankasungunuka.

Pa 2 Novembala, tsiku lopempherera akufa, tinapita tonse ku Misa. Chiyambire ukwati wathu, Wilbroad ankapereka Misa ya mzimu wa amayi anga chaka chilichonse. Chaka choyamba atandifunsa dzina loti alembe, ndinati angolemba kuti amake Leticia, poti mwana satchula dzina la amake. Ananditama kuti ndinaleredwa bwino.

Chaka chino ndinaiwala kumuletsa. Amayi anakhala benchi la kumbuyo kwathu, Enoch ali kumsana. Katekisiti anaimirira ndi pepala n'kuyamba kuwerenga mayina pang'onopang'ono. Ndinawerenga nawo mumtima, ndikupempha kuti pepalalo lithe msanga.

"Mzimu wa amake Leticia, yaperekedwa ndi banja la a Wilbroad Sakala."

Wilbroad anandifinya dzanja. Mpingo unapempha kuti Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Kumbuyo kwanga ndinamva mawu amene anandiimbira ndili khanda akuyankha bwinobwino pamodzi ndi ena kuti Amen.

Pobwerera Wilbroad anatsogola ndi anzake a kwaya. Amayi ankayenda pambali panga, akukonza chipewa cha mwana.

"Amaimba bwino kuno, madamu," anatero. Titayenda pang'ono anawonjeza, "Ali ndi mtima wabwino abambowa. Muwasunge."

Ndikanakonda akananditukwana.

M'mawa mwake Wilbroad anagwa ndi njinga yamoto pamchenga, pochokera kwa alimi a thonje amene amawayendera pantchito yake. Anafika kunyumba ndili kuntchito, ntchafu itasupuka kuyambira pabondo. Anaitana amayi kuti amuthandize kutsuka bala. Amayi anafunditsa madzi, anathiramo mchere, anaika beseni ndi nsalu yoyera pakhomo la pabalaza, n'kuthamanga kukaitana a Israel, dalaivala wopuma wa nyumba yachitatu. Anathamanga opanda nsapato, mwana ali kumsana.

Nditafika madzulo, Wilbroad sankaseka.

"Magazi achoka, nikuitana, munthu asiya beseni pakhomo monga apatsa galu. Nanga a Israel akanakhala kulibe? Nanga akanakhala Enoch?"

"Enoch akanamugwira."

"Ndiye ine nili na khate?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mvera, Leti. Masiku awo a mu pasipoti asila Lachitatu, atheratu. Sabata yatha ninafunsa mnzanga amene adziwa za mapepala. Akuti pemiti ya wantchito wa m'nyumba wochokera kunja ni yovuta, chifukwa ofuna ntchito yameneyo ni ambiri muno. Akuti akanakhala kholo lako, nkhani ikanakhala ina, pali fomu. Ananipatsa na fomu yake. Ninati ya chani, apongozi anga ali kumwamba." Analoza pamwamba pa firiji, pomwe pepala linagona pansi pa botolo la mankhwala a chifuwa. "Sinifuna kusunga munthu mobisa. Lachitatu abwerere. Tizapeza wina."

Amayi anali m'khitchini, ndipo chitseko chinali chotsegula. Ndinamva supuni ikuikidwa pansi mosamala.

Analibe kobwerera, koma khitchini ya mnansi ija. Ndinkadziwa zimenezi, ndipo Lachiwiri lonse ndinagulitsa mapanado ndi kumwetulira makasitomala. Pobwera ndinawagulira chitenje chatsopano. Anachilandira ndi manja awiri, anati zikomo madamu, n'kuchiika pansi penipeni pa chikwama.

Lachitatu ndinapempha tchuthi. Cha m'ma teni koloko, chikwama chili kale pakhonde, kunafika apongozi anga a Edita, amayi ake a Wilbroad. Anali mphunzitsi zaka zambiri, ndipo tsopano amalima ku Madzimoyo. Anabwera kudzaona bala la mwana wawo, atanyamula nkhuku ndi mango oyamba.

"Ali kuti wogwa uja? Zaka makumi atatu, njinga ikali kumugwetsa. Amake Enoch, landira nkhuku iyi isananinyere."

Ataona bala n'kunena kuti ndi laling'ono, anafunsa za mdzukulu wawo. Ndinawaperekeza kuseri kwa nyumba. Amayi anakhala pamphasa pafupi ndi kabedi kawo, Enoch ali pamiyendo, ndipo sanatimve tikubwera.

"Amuna anga," ankamuuza mwanayo, akumugwedeza, "ine ndikupita. Musakwatire wina, mwamva? Mukakwatira wina ndidzamva."

Kwathu ndi agogo amene amatchula mdzukulu wamwamuna kuti mwamuna wawo. A Edita anaseka.

"Ha, amayi, mwamuna wanga uyu mwanilanda liti? Nachoka mwezi umodzi chabe, napeza mitala?"

Amayi anadzidzimuka, anagwada, anapereka moni. A Edita anatenga mwana akusekabe. Nthawi yomweyo Wilbroad anatulukira pakona akutsimphina, ali mu kabudula chifukwa cha bandeji, akufuna mthunzi. Njira ya pakati pa khoma ndi mpanda ndi yopapatiza. Amayi anaimirira msanga, analowa m'kabedi kawo akuponda chibwabwa chimene anachithirira mwezi wonse, anatembenukira kumpanda, n'kukoka chitenje kuphimba mbali ya nkhope.

"Mwaona, amayi?" anatero Wilbroad. "Mwezi wonse ni so. Kapu salandira m'manja mwanga. Kuchipinda salowa. Zovala zanga sachapa. Dzana nikutuluka magazi, anathawa."

A Edita anasiya kuseka. Anayang'ana msana wa mayi woima m'ndiwoyo. Anayang'ana mwana amene ananyamula, kenako ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ngati akuwerenga kope la mwana wobera mayeso.

"Wilbroad," anatero motsitsa, "pita ukavale thalauza."

"Amayi, bala."

"Ukavale thalauza na shati. Amayi anga anachita zimenezi kwa atate ako zaka makumi awiri, mpaka tsiku limene tinawaika. Iwe unaphunzira sukulu zonse, maso ulibe."

Wilbroad analowa m'nyumba.

A Edita anandipatsa mwana. Anavula nsapato, anakhala pansi pamphasa ndi diresi lawo labwino, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Amayi, tulukani m'ndiwo, wapita. Khalani apa. Ine ndine nakubala mnzanu, musanibise. Mwana wanu ni uti m'nyumba muno?"

Amayi anakhala m'mphepete mwa mphasa. Anachotsa dothi kuphazi ndi chala.

"Ine ndine wantchito chabe, mayi," anatero. "Kuno ndilibe mwana. Madamu andisunga bwino, sindinagone ndi njala. Masiku anga ndiwo atha."

Ananena mosadodoma, monga mmene ine ndinanenera paphiri paja. Anandikana kuti ukwati wanga ukhale. Ine ndinawakana chifukwa cha chitumbuwa ndi dzanja la mnyamata.

Anaimirira, anawerama kwa a Edita, anazungulira nyumba kupita kukhonde. Ndinawatsatira Enoch ali m'manja. Anatenga chikwama chija, anachiika pamutu, khosi n'kupendekeka. Anafika pageti. Kutsidya, chikwangwani cha saluni chinkawala padzuwa.

"Amayi," ndinatero.

Sanatembenuke. Dzanja lawo linali pa loko.

"Amayi, musapite." Ndinagwada pafumbi pomwepo, pamaso pa atsikana a pasaluni ndi wogulitsa makala amene ankadutsa. "Awa ndi amayi anga. Sanafe. Ndinanama ine."

Wilbroad anali ataima pakhomo, thalauza litakwinyika pabandeji, mabatani a shati atasemphana. Anamva zonse. Anayang'ana amayi, kenako anachotsa maso msanga ngati wapsa.

"Misa zitatu, Leti," anatero. Mawu ake anali aang'ono. "Ninalira na iwe pa Kanjala."

Analowanso m'nyumba. Ndinakhalabe chogwada, ndikudikira kumva kiyi akutembenuka. A Edita anadutsa pambali panga osandiyang'ana, anakatsitsa chikwama pamutu pa amayi.

"Ndiye ndimwe amene takhala tikupempherera Novembala aliyense," anatero. "Asewere, Mulungu wamva mapemphero athu mopitirira. Bwerani mukhale. Mpumulo wosatha uyembekeze, tiyambe tadya nkhuku."

Amayi anaseka pang'ono, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo anabisa nkhope m'chitenje. A Edita anawagwira paphewa n'kuwakhazika pakhonde.

Kiyi sanatembenuke. Wilbroad anatuluka atavala jekete la kutchalitchi m'kutentha konseko, fomu ija ndi cholembera zili m'manja. Sanakhale pampando. Anapita kumapeto kwa khonde, anakhala pansi movutikira mwendo utawongoka, nkhope italoza kumsewu.

"Amake Enoch," anatero. Kunali koyamba kundiitana choncho tili pakhomo pathu, ndipo kunali kozizira. "Uwauze apongozi kuti nalakwa. Nawatuma madzi. Nawaitana na dzina. Nayenda na kabudula pamaso pawo."

Ndinatembenukira kwa amayi, koma anali atamva kale.

"Uwauze kuti wosadziwa salakwa," anatero, akuyang'ana ine. "Uwauzenso kuti bala lija ndinalimva m'thupi mwanga, koma manja sakanatheka."

Ndinabwereza mawuwo, ngakhale onse anali pakhonde limodzi.

"Za ine na iwe sizinasile," anandiuza Wilbroad, osandiyang'ana. "Sinidziwa ngati zizasila bwanji. Koma maofesi atseka faivi, ndipo sitampa isila lelo. Tipite tikafunse ngati angawonjezeko masiku pamene fomu iyenda." Anaika pepala pabondo labwino. "Apa afuna dzina lonse la kholo. Nilembe chani?"

Dzinalo sindinkalidziwa. Kumudzi anthu onse ankawaitana ndi mfunda wawo, Anambewe. Ine ndinachoka ndili wamng'ono, pamsinkhu umene dzina la amako limakhala amayi basi. Nditakula sindinafunse, chifukwa munthu safunsa dzina la amene akufuna kumuiwala. Pasipoti yawo inakhala m'nyumba mwanga masiku makumi atatu ndipo sindinaitsegule. Dzina lokhalo limene ndinali nalo m'kamwa linali la pachikwangwani.

"Nalonso?" anafunsa a Edita motsitsa.

Ndinagwedeza mutu. Enoch ankakoka ndolo yanga, ndipo ndinamusiya akoke.

Amayi anamasula mfundo ya chitenje m'chiuno, anatulutsa kabuku kokutidwa ndi pulasitiki, anakaika pansi pakati pa ine ndi iwo. Sanakatsegule. Anandiyang'ana m'maso koyamba chifikire, ndipo sanati madamu.

"Leti, mwana wanga, uwauze alembe kuti Esnat. Esnat Mbewe, amake Leticia."